Nduna za Kamuzu: Momwe Kabineti Yoyamba ya Malawi Idamangidwira ndi Kugumukira

M'mbiri yake yonse, dziko la Malawi lidakhalapo ndi nduna yaikulu imodzi yokha. Udindowu udayamba pa 1 Febuluwale 1963, tsiku lomwe Dr Hastings Kamuzu Banda adalumbira ku Zomba, ndipo udatha pa 6 Julayi 1966 pomwe dziko lidasanduka lipabuliki, iwo n'kukhala pulezidenti. Ndi zaka zitatu ndi miyezi isanu basi. Komabe m'nyengo yaifupiyi ndi momwe mudagamulidwa nkhani yomwe idalamulira miyoyo ya Amalawi kwa zaka makumi atatu: kodi nduna ndi anzake a mtsogoleri omwe amaunikira naye limodzi zinthu, kapena ndi antchito ake ongolandira malamulo?

Yankho lake limaoneka bwino munthu akaika pamodzi mndandanda wa nduna wa mu Julayi 1964 ndi wa kumapeto kwa chaka chomwecho. Pa amuna omwe adakhala pa tebulo limodzi ndi Dr Banda m'masabata oyamba a ufulu, awiri okha ndiwo adatsala: a John Tembo ndi a John Msonthi. Ena onse adali atachotsedwa kapena kutula pansi udindo, ambiri atathawira kunja, mmodzi ali m'tchire ku Mangochi. Kusintha kwa nduna kumeneku sikudali kusuntha mipando chabe. Kudali kusintha kwa mtundu wa boma lomwe Amalawi adalimenyera nkhondo.

Achinyamata omwe adaitana dokotala

Nkhani ya kabinetiyi imayamba kabineti yeniyeniyo isanabadwe. M'chaka cha 1956 atsamunda adalola kuti Aafirika asanu alowe m'nyumba ya malamulo ya Nyasaland, komwe lero ndi Malawi, kudzera m'chisankho. Pakati pawo padali a Henry Masauko Chipembere, omwe adaphunzira ku Fort Hare ku South Africa, ndi a Kanyama Chiume, omwe adaphunzira ku Makerere ku Uganda. Onse awiri adali asanakwane zaka 30. Adali ndi moto, adali ndi sukulu, ndipo ankadana ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland ndi mtima wonse. Chomwe ankasowa ndi imvi. Ankadziwa kuti mafumu ndi akuluakulu akumudzi sangatsate anyamata, choncho iwo pamodzi ndi a Dunduzu Chisiza ndi anzawo ena a mu Nyasaland African Congress adalimbikira kuitana dokotala wachikulire yemwe adakhala kunja zaka zoposa 40.

Dr Banda adatera pa Chileka pa 6 Julayi 1958. Achinyamatawa ndiwo adayenda m'maboma kulengeza za kubwera kwa mpulumutsi, ndipo ndiwo adaphunzitsa anthu kuwatamanda. Boma la atsamunda litalengeza kuti dziko lili pa ngozi pa 3 Malichi 1959, Dr Banda adakatsekeredwa ku Gwelo, komwe lero ndi Gweru ku Zimbabwe, pamodzi ndi a Chipembere ndi abale awiri a kwa Chisiza, a Dunduzu ndi a Yatuta. A Chiume adali kunja panthawiyo, ndipo adapitiriza nkhondoyo ali ku London ndi m'maiko ena. Kumudzi kuno, a Orton Chirwa, loya woyamba wachikuda m'dziko muno, adayambitsa chipani cha Malawi Congress Party (MCP) mu Seputembala 1959, mothandizana ndi wachinyamata Aleke Banda. Dr Banda atatuluka m'ndende pa 1 Epulo 1960, a Chirwa adawapatsa utsogoleri wa chipanicho popanda kukangana.

Pali chinthu chimodzi chomwe sitiyenera kuchilumpha ngati tikufuna chilungamo. Pamsonkhano waukulu wa ku Nkhotakota mu 1960, chipani chidasankha Dr Banda kukhala mtsogoleri wake wamuyaya. M'zaka zotsatira malamulo a chipani adawapatsa mphamvu zochotsa aliyense ndi kuvomereza aliyense wofuna kuimira chipani pachisankho. Omwe adadzakhala nduna adali pomwepo, ndipo adaombera m'manja. Ankaganiza kuti akumanga chida chogwetsera chitaganya. Sadaone kuti chida chomwecho chingadzawatembenukire.

Mipando yoyamba

Pachisankho cha pa 15 Ogasiti 1961, MCP idapeza mipando 22 mwa mipando 28. Panthawiyo kudalibe nduna yaikulu. Bungwe loyendetsa boma linkatsogoleredwa ndi bwanamkubwa Glyn Jones, ndipo theka la mamembala ake adali akuluakulu a boma achizungu. Mbali ya osankhidwa idalowa ndi anthu asanu. Dr Banda adatenga unduna wa zachilengedwe ndi wa maboma ang'onoang'ono, ndipo kusankhaku kudali kwanzeru, chifukwa maunduna amenewa ndiwo ankakhudza mlimi ndi mfumu tsiku ndi tsiku. A Chiume adatenga zamaphunziro, a Augustine Bwanausi zantchito, a Mikeka Mkandawire adakhala nduna yopanda unduna, ndipo a Colin Cameron, loya wochokera ku Scotland yemwe adaima payekha mothandizidwa ndi MCP, adatenga zomangamanga ndi zamtengatenga. A Orton Chirwa adaikidwa kukhala wothandizira ku unduna wa zachilungamo, a Dunduzu Chisiza ku unduna wa zachuma. A Chipembere sadalowe nawo chifukwa adali m'ndende, atawapeza olakwa pa mlandu woukira boma kudzera m'zolankhula zawo.

Mu 1962 azungu awiri adachoka m'bungwelo ndipo m'malo mwawo mudalowa aphunzitsi awiri omwe adaphunzira ku India: a Willie Chokani ndi a John Msonthi. A Msonthi ankadziwika dziko lonse chifukwa ndiwo ankamasulira m'Chinyanja zolankhula za Dr Banda pamisonkhano, poti dokotalayo ankalankhula Chingelezi.

Chaka chomwecho kudagwa zovuta. Mu Seputembala 1962 a Dunduzu Chisiza adamwalira pangozi ya galimoto pa mlatho wa Thondwe, pamsewu wa pakati pa Blantyre ndi Zomba, ali ndi zaka 32. Adali mlembi wamkulu wa chipani komanso katswiri pa zachuma, ndipo adali atalemba kale zochenjeza kuti maiko a mu Africa omwe angolandira ufulu angathe kugwa m'manja mwa olamulira mwankhanza. Ambiri ankayembekezera kuti ndiwo adzakhale nduna yoyamba yachikuda ya zachuma. Malo awo ku undunawo adapita kwa a John Tembo, mphunzitsi wa ku Dedza. Uku kudali kusintha kochepa pamaso, koma kudachotsa m'boma munthu yemwe ankatha kutsutsa Dr Banda modekha, n'kulowetsamo munthu yemwe adadzakhala pambali pawo mpaka mapeto a ulamuliro wawo.

Dr Banda atakhala nduna yaikulu mu Febuluwale 1963, bungwe lija lidayamba kusanduka kabineti yeniyeni. A Chipembere, omwe adali atangotuluka kumene m'ndende, adapatsidwa unduna wa maboma ang'onoang'ono. A Chirwa adakhala nduna ya zachilungamo. Zachuma zidatsalabe m'manja mwa mzungu, a Henry Phillips, kufikira 1964. Chitaganya chidatha pa 31 Disembala 1963, ndipo mdani yemwe ankagwirizanitsa anthu onsewa adachoka. Pachisankho cha mu 1964, anthu 50 omwe adaimira MCP adadutsa onse popanda wopikisana nawo. Aliyense wa iwo adali atavomerezedwa ndi Dr Banda. Mfundo imeneyi idadzakhala yolemera kwambiri miyezi ingapo patsogolo.

Kabineti ya ufulu ndi madandaulo ake

Mbendera ya Britain itatsika pa 6 Julayi 1964, Malawi idali ndi kabineti yaing'ono koma ya anthu ophunzira bwino. A Chirwa adali ku zachilungamo, a Chiume ku zamaiko akunja, a Chipembere ku zamaphunziro, a Yatuta Chisiza ku zam'dziko, a Bwanausi ku zachitukuko, a Chokani ku zantchito, a Tembo ku zachuma, a Cameron ku zomangamanga, ndipo a Msonthi adayang'anira zamtengatenga ndi zamtokoma. Mayi Rose Chibambo, omwe adasonkhanitsa amayi pankhondo yolimbana ndi chitaganya, adali wothandizira nduna, mayi yekhayo pa udindo wotere. Ambiri mwa iwo adali ndi zaka za m'ma 30. Dr Banda adali atapitirira 60, ndipo pamisonkhano ankawatchula poyera kuti "anyamata anga". Kwa amuna okwatira, omwe ena adagonapo m'ndende chifukwa cha dziko lawo, mawuwa ankaluma.

Malinga ndi malamulo omwe dziko lidalandira, mutu wa dziko adali Mfumukazi Elizabeth II, yemwe ankaimiridwa ndi a Glyn Jones. Nduna yaikulu inkayenera kulamulira pamodzi ndi kabineti, ndipo inkakhala pampando pokhapokha ngati nyumba ya malamulo ikuikhulupirira. Zochitika zidali zina. Dr Banda ankasunga maunduna angapo m'manja mwawo, ankagamula zinthu zikuluzikulu ndi alangizi achizungu, ndipo nthawi zambiri nduna zinkamva zinthu zitatha kale.

Madandaulo a nduna adali ndi mitu yodziwika. Woyamba udali wa zamaiko akunja. Pamsonkhano wa bungwe la umodzi wa Africa ku Cairo mu Julayi 1964, Dr Banda adanena mosabisa kuti Malawi singadule ubale ndi Apwitikizi omwe ankalamulira Mozambique, chifukwa njanji yokhayo yotulutsira fodya ndi tiyi inkathera ku Beira. Nduna, makamaka a Chiume, zinkaona kuti izi zikuchititsa dziko manyazi pamaso pa Tanzania ndi maiko ena omwe ankathandiza omenyera ufulu. Padalinso nkhani ya China, yomwe kudzera mwa kazembe wake ku Dar es Salaam idalonjeza thandizo la ndalama ngati Malawi ingazindikire boma la ku Peking. Nduna zinkafuna kulandira. Dr Banda ankakana.

Mutu wachiwiri udali wa ogwira ntchito m'boma. Amalawi ophunzira ankayembekezera kuti ufulu ukabwera adzatenga maudindo omwe azungu ankakhalapo. Dr Banda adati sachotsa mzungu aliyense kufikira patapezeka Mmalawi wodziwa ntchitoyo mofanana naye. Kuonjezera apo adavomereza lipoti la Skinner, lomwe lidafinya malipiro ndi zolowa za ogwira ntchito achikuda. Makalaliki ndi aphunzitsi ku Zomba ndi ku Blantyre adakwiya kwambiri.

Mutu wachitatu ndi womwe udafika mpaka pakhomo pa munthu wamba: tiki. Boma lidalamula kuti wodwala aliyense wobwera kudzalandira mankhwala pachipatala cha boma azilipira kandalama ka mapeni atatu. Kwa munthu wa pamalipiro tiki sidali kanthu. Kwa mayi wa kumudzi yemwe wayenda mtunda wautali ndi mwana wamalungo kumbuyo, yemwe ndalama amaiona kamodzi pachaka akagulitsa mtedza, tiki idali chitseko chotseka. Adauzidwa kuti ufulu udzapepuza moyo, ndipo chinthu choyamba chomwe ufulu udamubweretsera chidali kulipira pomwe kale sankalipira.

Dr Banda adali ndi mayankho awo, ndipo sadali achabechabe. Boma la Malawi silinkatha kulipira ndalama zoyendetsera ntchito zake popanda thandizo la Britain chaka ndi chaka. Amalawi a madigiri adali ochepa kwambiri. Amuna masauzande ambiri ankagwira ntchito m'migodi ndi m'minda ya ku South Africa ndi ku Rhodesia, ndipo mabanja awo ankadalira ndalama zochokera kumeneko. Pa mfundo zina mwa izi munthu angathe kunena kuti dokotalayo ankaona patali. Vuto lidali loti sankafuna kuti mfundozo zikambidwe n'komwe.

Atabwerako ku Cairo kumapeto kwa Julayi, adalankhula pa Chileka mawu oopseza omwe aliyense adamva kuti akupita kwa nduna zawo. Patangopita masiku ochepa adabweretsa ganizo lobwezeretsa lamulo lotsekera munthu popanda kumuzenga mlandu, lamulo lomwe atsamunda adawatsekera nalo iwo eni mu 1959. A Colin Cameron adakana ndipo adatula pansi udindo. Adali woyamba kuchoka, ufulu usanathe ndi mwezi womwe.

Kuchokera ku Ku Chawe kukafika m'nyumba ya malamulo

Pamsonkhano wa kabineti wa pa 26 Ogasiti 1964, nduna zidalankhula zakukhosi. A Chipembere kudalibe. Adali ku Canada kumsonkhano wa zamaphunziro wa maiko a Commonwealth. Otsalawo adatsutsa nduna yaikulu pamaso, mmodzimmodzi, chinthu chomwe Dr Banda adali asanachionepo. Kenaka adakwera phiri la Zomba n'kukakhala pa hotela ya Ku Chawe, komwe adalemba madandaulo awo pa pepala lomwe limatchedwa ndi dzina la malowo mpaka lero. Ankafuna kuti tiki ichotsedwe, lipoti la Skinner liunikidwenso, Amalawi akwezedwe msanga pantchito, ubale ndi Apwitikizi uchepe, maunduna omwe nduna yaikulu inkasunga agawidwe, ndipo koposa zonse, kuti nkhani za boma zizigamulidwa ndi kabineti yonse. Mfundo yawo idali ija ya makolo, yoti mutu umodzi susenza denga.

Kwa masiku angapo zinthu zidali pa mpeni. Dr Banda adaoneka ngati afewa pa zina, ndipo adafika pokambirana ndi a Glyn Jones zotula pansi udindo. Koma m'masiku omwewo adaitana atsogoleri a chipani a m'zigawo ndi m'maboma, pamodzi ndi aphungu, kuti amve komwe aima. Adapeza kuti chipani chili m'manja mwawo. Nduna zidali ndi mfundo, koma sizidapite kwa anthu kukazifotokoza. Zinkakhulupirira kuti nkhaniyo ithera m'chipinda cha kabineti.

Pa 7 Seputembala Dr Banda adachotsa a Chirwa, a Chiume, a Bwanausi ndi mayi Chibambo. A Yatuta Chisiza, a Chokani ndi a Msonthi adatula pansi maudindo pogwirizana ndi anzawowo, koma a Msonthi adabweza ganizo lawo posakhalitsa. M'mawa mwake, pa 8 Seputembala, nyumba ya malamulo idakumana mwadzidzidzi ku Zomba kuti ivote ngati ikukhulupirirabe nduna yaikulu.

Omwe dzulo lake adali nduna adakhala m'mipando ya kumbuyo. Dr Banda adalankhula nthawi yaitali. Adati ndunazo zidapangana chiwembu, zidakopeka ndi ndalama za China zomwe adati zidali mapaundi 18 miliyoni, ndipo zidaphwanya ngodya zinayi za chipani: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Kenaka aphungu adaimirira mmodzi pambuyo pa mnzake, aliyense kuyesa kuposa mnzake potamanda Dr Banda ndi kunyoza ochotsedwawo. Mayi Chibambo, omwe tsikulo lidali lokumbukira kubadwa kwawo, adayesa kudziteteza pakati pa phokoso la aphungu aamuna omwe ankawadula mawu. A Chipembere adafika kuchokera ku Canada mkangano uli pakati. Dr Banda sadawachotse, ndipo akadafuna akadasunga mpando wawo. Pa 9 Seputembala adatula pansi udindo, adakakhala ndi anzawo kumbuyo, ndipo adalankhula mwaulemu koma mosaopa, kukana kuti amuna omwe adamanga chipani angatchedwe oukira chifukwa chonena maganizo awo m'kabineti.

Voti itafika, palibe ndi mmodzi yemwe adatsutsa. Ngakhale nduna zochotsedwazo zidavomereza kuti zikukhulupirira Dr Banda, poganiza kuti khomo la chiyanjano likadali lotsegula. Nyumba ya malamulo, yomwe idali ndi mphamvu yoletsa munthu mmodzi kukhala boma lonse, idapereka mphamvuyo ndi manja awiri. Aphungu omwe adalowa m'nyumbayo mwa chifuniro cha munthu mmodzi sakadachita mwina.

Olowa m'malo, ndi magazi oyamba

A Glyn Jones adayesetsa kuyanjanitsa mbali ziwirizi m'masabata otsatira, ndipo mipando ina idasiyidwa yopanda anthu kwa kanthawi. Zokambiranazo zidalephereka. Nduna zakale zidaimitsidwa m'chipani, ndipo dzina lawo latsopano pawailesi ndi pamisonkhano lidakhala "zigawenga".

Kabineti yatsopano idadzazidwa ndi anthu a mtundu wina. M'malo mwa omaliza maphunziro a ku Fort Hare ndi Makerere mudalowa akuluakulu a chipani omwe mphamvu zawo zidachokera kwa Dr Banda: a Richard Chidzanja a m'chigawo chapakati, a Gomile Kumtumanji a kummwera, a M.Q.Y. Chibambo a kumpoto, komanso a Gwanda Chakuamba, a Albert Muwalo ndi a Alec Nyasulu. Udindo wa mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo udapita kwa mzungu, a Bryan Roberts. Unduna wa zamaiko akunja Dr Banda adautenga okha, ndipo adausunga kwa zaka zambiri. Anthu adaonanso kuti nduna ziwiri zomwe zidatsala zidali za m'chigawo chapakati, pomwe ochoka adali a kumpoto ndi kummwera. Mkanganowo sudayambe chifukwa cha zigawo, koma udasiya chilonda cha zigawo chomwe ndale zathu zikuchimvabe.

Kumapeto kwa Seputembala, Zomba idasanduka bwalo la nkhondo. Ogwira ntchito m'boma, omwe ambiri ankatsatira nduna zakale, adamenyana ndi achinyamata a chipani omwe adabwera nawo pamalole kuchokera kwina. Maofesi adatsekedwa, ndipo a Chakuamba adamenyedwa mpaka kugonekedwa m'chipatala. Boma lidalamula kuti a Chipembere asachoke m'dera la kwawo ku Malindi. Anzawo adaona kuti moyo wawo uli pachiswe: a Chiume, a Chisiza ndi a Chirwa adathawira ku Tanzania, a Bwanausi ndi a Chokani ku Zambia, komwenso mayi Chibambo adakakhala ndi banja lawo.

A Chipembere adalowa m'tchire. Usiku wa pa 12 Febuluwale 1965 adatsogolera amuna pafupifupi 200 kukathira nkhondo boma la Fort Johnston, lomwe lero ndi Mangochi. Adalanda polisi ndi mfuti, n'kuuyamba ulendo wa ku Zomba pamagalimoto. Panthawiyo pa Liwonde padalibe mlatho. Magalimoto ankaoloka Shire pa pantoni. Atafika pamtsinje adapeza pantoniyo ili tsidya linalo, ndipo padalibe njira yoolotsera anthu ndi magalimoto. Asilikali a boma adafika, gululo lidabalalika, ndipo midzi ya m'derali idalangidwa koopsa. Patapita miyezi iwiri a Chipembere adatuluka m'dziko mwachinsinsi kupita ku America. A Medson Silombela, omwe adapitiriza nkhondoyo, adagwidwa ndi kunyongedwa ku ndende ya Zomba kumayambiriro kwa 1966.

Lamulo lotsekera anthu popanda mlandu, lomwe a Cameron adalikana, lidakhazikitsidwa. Apayoniya, gulu la achinyamata a chipani, adapatsidwa mphamvu ndi chitetezo cha lamulo. Mu 1966 kudabwera lamulo lolanda katundu wa aliyense yemwe boma lamuona ngati mdani, ndipo malamulo atsopano a dziko adathetsa udindo wa nduna yaikulu, n'kuvomereza chipani chimodzi chokha. Mu 1967 Malawi idatsegula ubale wa ukazembe ndi boma la tsankho la South Africa. Mu 1971 Dr Banda adalumbira kukhala pulezidenti wamuyaya.

Komwe adathera

A Yatuta Chisiza adalowanso m'dziko ndi kagulu ka zida mu Okutobala 1967, ndipo adaphedwa pomenyana ndi asilikali m'dera la Mwanza. A Chipembere adamwalira ku Los Angeles mu 1975, ali ndi zaka 45, osaonanso kwawo. A Orton Chirwa ndi akazi awo a Vera adagwidwa mu Disembala 1981 kumalire a Zambia, ndipo khoti la mafumu lidawagamula kuti aphedwe mu 1983. Chilangocho chidasinthidwa kukhala ndende moyo wonse. A Orton, omwe adayambitsa chipani cholamulacho, adafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992. Mayi Vera adatulutsidwa mu Januwale 1993. A Chiume, a Chokani ndi mayi Chibambo adabwerera kumudzi ndale za zipani zambiri zitayambanso, atakhala kunja zaka pafupifupi 30. A Chokani adadzakhala kazembe wa Malawi ku America, ndipo nkhope ya mayi Chibambo ili pa ndalama ya K200.

Olowa m'malo aja nawonso sadapeze mtendere. Akulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. A Kumtumanji adamangidwa ndipo adafera m'ndende. A Muwalo, omwe adafika pokhala mlembi wamkulu wa chipani ndi kutsekeretsa anthu ambiri, adanyongedwa mu 1977. A Chakuamba adagamulidwa zaka 22 m'ndende ndipo adatuluka mu 1993. A Aleke Banda adatsekeredwa kuyambira 1980 mpaka 1992 popanda kuzengedwa mlandu. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, adaphedwa ndipo mitembo yawo idapezeka ku Mwanza, boma n'kunena kuti idali ngozi ya galimoto. Kuthetsa kabineti ndi kuikanso ina kudasanduka chizolowezi, kotero kuti nduna iliyonse inkadziwa kuti mpando wake ndi wobwereka, ndipo chobwezera chake ndi kukhala chete.

Phunziro la 1964

Nduna za 1964 sizidali angelo. Zina mwa izo zidazunza otsutsa MCP chisanafike chaka chimenecho, ndipo zidathandiza kukweza munthu mmodzi pamwamba pa malamulo a chipani. Pa zachuma ndi pa nkhani ya njanji ya ku Beira, Dr Banda adali ndi mfundo zomveka. Koma pa funso lalikulu, loti dziko liziyendetsedwa pokambirana kapena polamula, ndunazo zinkanena zoona, ndipo dziko lidalipira mtengo waukulu chifukwa chosazimvera. Kuyambira pa 9 Seputembala 1964 mpaka pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, kutsutsa mtsogoleri, ngakhale m'chipinda chotseka, kudali mlandu womwe munthu ankatha kutaya nawo ntchito, katundu, dziko kapena moyo.

Malamulo a dziko omwe tidalandira mu 1994 amapatsabe pulezidenti mphamvu yosankha ndi kuchotsa nduna, ndipo mpake kutero. Chomwe malamulo sangalembe ndi mtima wa mtsogoleri wolola kuuzidwa kuti walakwa, ndi kulimba mtima kwa nduna ndi aphungu kuti amuuze. Choncho mndandanda wa nduna zatsopano ukamawerengedwa pawailesi, tisamangofunsa kuti kwathu kwapita mipando ingati. Tizifunsanso ngati pakati pa osankhidwawo pali anthu omwe angathe kukana chinthu cholakwika pamaso pa yemwe adawasankha, ndiponso ngati nyumba ya malamulo ingawateteze atatero. Kabineti yopanda anthu otere si kabineti, ndipo mbiri ya 1964 ndi umboni wake.